Fort Lister pa mzere wa zaka

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mpata umene anthu akhala akudutsamo kuyambira kalekale. Munthu wochokera kuchigwa cha Phalombe kapena kunyanja ya Chilwa, akafuna kutsikira kunyanja yamchere ku Quelimane, njira yachidule inali yomweyo, pakuti mapiri awiriwo sakwereka ndi katundu pamutu. M'chaka cha 1893 boma la atsamunda linamanga linga mumpatamo n'kulitcha Fort Lister, dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Lero patsala makoma ogumuka ndi manda, ndipo malowa ndi amodzi mwa malo a mbiri amene boma limateteza.

Mwana wa sekondale amakumana nalo lingali ngati mzere umodzi m'kope: 1893, Angerezi amanga Fort Lister kuti athetse malonda a akapolo. Pamwamba pake pali 1891, chaka chimene Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, pamunsi pake pali 1915, nkhondo ya Chilembwe. Amaloweza, n'kukalemba mayeso, n'kuiwala. Anthu ambiri amene amati mbiri yakale ndi phunziro lotopetsa amakhala akunena mndandanda woterewu, ndipo ine sindingawatsutse. Chondiwawa n'chakuti zaka zomwezo, zikayalidwa bwino, ndi chida chakuthwa zedi m'manja mwa wophunzira, ndipo Fort Lister ndi malo abwino oonerapo pamene chidachi chimadula ndi pamene chimabunthira.

Mndandanda ndi mzere wa zaka zimasiyana pa muyeso. Pa mndandanda, 1836 ndi 1893 zikhoza kugundana mapewa ngati wolemba analibe chonena za zaka zapakatipo. Pa mzere woyezedwa, chaka chilichonse chimalandira malo ofanana ndi chinzake, kaya munachitika zazikulu kaya munangogwa mvula n'kukolola. Amene anatchukitsa njira imeneyi ndi Joseph Priestley wa ku England, yemwe mu 1765 anasindikiza tchati chachikulu cha anthu otchuka, moyo wa aliyense atauonetsa ndi kamzere kotalika molingana ndi zaka zake. Mphunzitsi wa ku Migowi kapena ku Nkhulambe safuna zambiri kuti achite zomwezo: choko, lula ndi khoma la kalasi basi.

Tinene kuti sentimita imodzi ndi chaka chimodzi. Kuchokera 1800 kufika 2025 mzerewo utalika mamita awiri ndi kota. Linga la Fort Lister linagwira ntchito zaka pafupifupi khumi, n'kusiyidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, choncho pakhomapo litenga malo amene mwana angawabise ndi chikhatho chake. Zaka za m'ma 1820, pamene doko la Quelimane linali kalikiliki kukweza akapolo m'zombo zopita ku Brazil, zikhala masentimita 70 kumanzere kwa chikhathocho. Ufumu wa Maravi, umene Apwitikizi ankaulemba kale m'makalata awo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ufuna mamita ena awiri, mwina mpaka choko chikagunda pachitseko. Mwana woona khoma lotere safuna womuuza kuti afunse: nanga m'malo onse opanda kanthuwa munkachitika chiyani? Funso limeneli silibadwa m'kope la mndandanda, chifukwa m'kopemo mipata sioneka.

Phindu lachiwiri ndi dongosolo, kudziwa chimene chinatsogola ndi chimene chinatsata. Tayalani malamulo oletsa malonda a anthu. Britain inaletsa nzika zake mu 1807. Portugal inalemba lamulo lake mu 1836. Brazil inatseka madoko ake kwa zombo za akapolo mu 1850. Msika wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873. Wowerenga malamulo okhawa angaganize kuti pofika nthawi ya agogo a agogo athu nkhaniyi inali itatha. Koma pa mzere womwewo pali mwezi wa Julayi 1861, pamene David Livingstone ndi gulu la Bishopu Charles Mackenzie anamasula anthu 84 m'magoli pamudzi wa Mbame, kufupi ndi Blantyre wa lero. Pali zaka za m'ma 1850, pamene Afalansa ankatenga anthu kugombe la Mozambique kupita nawo ku minda ya nzimbe pachilumba cha Réunion, n'kumawalemba m'mabuku kuti ndi antchito obwera mwa kufuna kwawo. Ndiye pali 1893, zaka 57 chilembereni lamulo la Portugal, linga likumangidwa kumene pofuna kutseka njira yopita ku doko la Apwitikizi omwewo. Lamulo lolembedwa ku Lisbon linkafika ku Michesi litatopa.

Dongosolo lomwelo limakonzanso mawu aja a m'kope. Kumanga linga sikunathetse malondawo chaka chomwecho. Mu 1893 momwemo munthu wina analowa m'nyumba ya Captain C. E. Johnson, mkulu wa asilikali a palingapo, n'kumubaya ndi mpeni. Johnson anapulumuka, Angerezi anati munthuyo anatumidwa ndi mfumu Nyaserera, ndipo nkhondo inabuka, imene inafikanso kwa mfumu Mkanda. Matipwiri, amene ankalamulira njira za kum'mawa kwa phiri, anagonja mu 1895. Chaka chomwecho ndi chimene Kawinga anathamangitsidwa kuphiri la Chikala, Jalasi kuphiri la Mangochi, ndipo mu Disembala Mlozi anapachikidwa ku Karonga. Kugombe, ufumu wa Angoche, kumene ngalawa zinkazembetserako anthu kupita ku Madagascar ndi kuzilumba za Comoros, unagwa m'manja mwa Apwitikizi mu 1910, Fort Lister litasanduka kale bwinja. Chotero 1893 ili pakati pa nkhani, kutsogolo kwake kuli mfuti zambiri zoti zilire.

Apa m'pamene mzere umodzi umayamba kuchepa. Ukakhala ndi mutu wakuti kuthetsa ukapolo, chilichonse chokwerapo chimaoneka ngati chinachitikira cholinga chimenecho. Mankhwala ake ndi kujambula mzere wachiwiri pansi pa woyambawo, wa muyeso womwewo, koma wa nkhani ina: malire, malo ndi msonkho.

Pa mzere wachiwiriwu, 1889 ndi chaka chimene asilikali a Serpa Pinto wa ku Portugal anamenyana ndi Amakololo kuchigwa cha Shire, ndipo John Buchanan anafulumira kulengeza kuti dera la mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain. Mu Januwale 1890 Britain inaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake. Mu Juni 1891 maiko awiriwa anasainirana pangano la malire, ndipo malirewo anadutsa kum'mawa kwa phiri la Mulanje, mtunda wosatalika kuchokera pamene linga linadzamangidwa. Mwezi wotsatira, nkhondo yoyamba ya boma latsopano la Harry Johnston inali ku Mulanje komweko: Captain Cecil Maguire anapita ndi asilikali ochokera ku India kukathana ndi mfumu Chikumbu, amene anayambana ndi azungu olima khofi. Kuyambira 1892 Johnston anayamba kupereka zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu amene azungu ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Pofika 1894 nyumba iliyonse inkayenera kulipira msonkho wa mashilingi atatu, ndipo mzungu woyang'anira boma lililonse udindo wake weniweni unkatchedwa wotolera msonkho. Mu 1902 msonkhowo unali utakwera, koma munthu wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankamuchotsera theka.

Mukaimika lula pa 1893 kuti idutse mizere yonse iwiri, lingalo limaoneka ndi nkhope zitatu. Linkatchinga njira ya akapolo, minyanga ya njovu ndi onga. Linkalondera malire amene anali ndi zaka ziwiri zokha. Linkatetezanso minda ya azungu imene inali kutsegulidwa m'munsi mwa phiri, limodzi ndi linga linzake la Fort Anderson kumbali ina ya Mulanje. Alipo amene akaona zimenezi amathamangira kunena kuti nkhani ya akapolo inali chonamizira chabe. Ine sindifika pamenepo. Magoli analipodi, anthu ankagulitsidwadi ndi nsalu ndi mfuti, ndipo amene anamasulidwa sanafunse kuti womasulayo ali ndi zolinga zingati. Chimene mizere iwiriyi ikuonetsa n'chakuti mfuti imene inamwaza ogula anthu ndi yomweyo imene inadzaima kumbuyo kwa wotolera msonkho, ndipo pakati pa ntchito ziwirizo panalibe nthawi yopumira.

Komabe lula yomweyi ikhoza kunamiza. Zinthu ziwiri zikakhala moyandikana pa mzere, mtima umafuna kuti china chikhale mayi wa chinzake. Mzere wa zaka uli ngati chingwe choyanikapo zovala: umakuonetsa malaya amene ali pafupi ndi chitenje, koma sukuuza ngati eni ake ndi banja. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'zaka zomwezi za m'ma 1890, koma kunena kuti linga ndilo linabweretsa tiyi kungakhale kulumpha mfundo zambiri, monga mvula ya kum'mwera kwa phiri ndi kugwa kwa ulimi wa khofi. Mzere umangoloza pamene pakufunika kukumba. Khasu lake ndi makalata, mabuku ndi pakamwa pa anthu.

Tsono tifike pa nkhani imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse: zaka zimenezi ndi za yani? Pafupifupi chilichonse chimene ndatchula chili ndi chaka chifukwa panali mzungu wokhala ndi cholembera. Nkhani ya mpeni wa Captain Johnson timaidziwa kudzera mwa Angerezi, makamaka m'buku la Johnston lotchedwa British Central Africa, limene linatuluka mu 1897, ndipo Johnston anali mwini nkhondoyo. Pa Fort Lister pali manda a Gilbert Stevenson, wogwira ntchito m'boma la atsamunda, mbale wa wolemba mabuku Robert Louis Stevenson, amene anamwalira mu 1896. Iyeyu ali ndi dzina, chaka ndi mwala, choncho amakwera pa mzere mosavuta, ndipo mabuku a alendo odzaona malo samuiwala. Asilikali a Chisikh ndi Amakua amene ankalondera usiku, amtengatenga, amene anaumba ndi kusenza zomangira, amayi a m'midzi yozungulira amene ankagulitsa ufa palingapo, ndiponso anthu osawerengeka amene anadutsa mumpatamo khosi lili m'goli, onsewa alibe tsiku. Mzere wongotola zokhala ndi madeti umasanduka mbiri ya olemba madeti, ngakhale woujambulayo atakhala Mmalawi wokonda dziko lake.

Sikuti makolo athu analibe njira yosungira nthawi. Ankaisunga ndi zochitika ndi mibadwo. Funsani gogo wa ku Phalombe kuti anabadwa liti, adzakuuzani kuti njala ya 49 inamupeza atayamba kutunga madzi, kapena kuti anakwatiwa nthawi ya chitaganya. Mawu amenewa ndi madeti ovala zovala zina: njalayo ndi ya 1949, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Ntchito ya wophunzira mbiri ndi kupeza zikhomo zoterezi, zimene zimadziwika mbali zonse ziwiri, pakamwa ndi papepala, n'kumangirirapo zina zonse. Chitsanzo chotchuka ndi cha Angoni a Zwangendaba. Iwo ankasimba kuti tsiku limene ankawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera kadamsana amene anaoneka m'deralo, anapeza wa mu Novembala 1835, ndipo chikhomo chimodzi chimenechi chinathandiza kuyala ulendo wonse wa Angoni pa kalendala. Ku Shire ndi ku Mulanje, njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, imene amishoni a ku Magomero anaiona ndi maso n'kuilemba, imagwira ntchito yomweyo pa nkhani za kubalalika kwa Amang'anja.

Kuwerenga mibadwo kuli ndi msampha wake umene aliyense wokulira kumudzi amaudziwa, ngakhale ofufuza ochokera kunja unawakola kangapo. Kwathu kuno dzina la ufumu salikwirira ndi mwini wake. Wolowa ufumu amalowanso dzina, ndipo posimba zakale akhoza kunena kuti ine ndinabwera kuno kuchokera kwakuti, pamene wobwerayo anali malume a malume ake. Chikumbu ndi Mkanda ndi maina a maufumu amene alipo mpaka lero m'boma la Mulanje. Wojambula mzere akamva kuti Chikumbu anachita chakuti, ayenera kufunsa modekha kuti Chikumbu wake uti, apo ayi adzapanikiza anthu anayi m'moyo umodzi, zaka zana n'kukhala zaka makumi atatu. Mabuku a Yohanna Abdallah, amene analemba za Ayao mu 1919, ndi a Samuel Josia Ntara, mlembi wa Mbiri ya Achewa, amayenda motsata mafumu ndi misamuko, osati motsata zaka. Kuwaika pa mzere n'kotheka, koma ndi pensulo, pokhala wokonzeka kufufuta.

Palinso zinthu zimene sizikhala ndi tsiku ngakhale mlembi akanakhalapo, chifukwa zinkachitika pang'onopang'ono. Kubwera kwa Ayao kudera la Mulanje cha m'ma 1860 sikunali ulendo umodzi. Anali mabanja ndi timagulu, ambiri othawa njala ndi nkhondo kwawo kum'mawa kwa nyanja, ena n'kudzakhala mafumu amalonda, ena n'kudzagulitsidwa iwo eni. Kadontho kamodzi kolembedwa kuti Ayao ogulitsa akapolo afika kamabisa zonsezi, kamabisanso mafumu a mitundu ina amene ankagulitsa anthu awo, ndi ogula a kugombe amene ankalankhula Chipwitikizi, Chifalansa ndi Chiswahili. M'kalasi mmene mwakhala ana a mitundu yonse, kadontho kotere kakhoza kusiya chilonda chimene mbiri yeniyeni sikanasiya.

Chimodzimodzi kutha kwa ukapolo wa m'midzi. Akapolo ambiri, makamaka akazi, sankafika kunyanja yamchere. Ankatsala m'midzi ya owagula, ndipo chifukwa chake chili m'chikhalidwe chathu chomwe. Kwa Amang'anja ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Koma mkazi wogulidwa analibe mlongo woti adzaitanitse ana, choncho ana ake ankakulitsa mudzi wa mwamunayo. Anthu oterewa sanamasulidwe ndi linga lililonse. Iwo ndi zidzukulu zawo anasungunuka m'mabanja mwakachetechete, mpaka nkhaniyo inasanduka yosatchulidwa pagulu. Chaka chake mungalembe chiti?

Ndipo chachikulu chimene chinasintha Phalombe chilibe deti nachonso. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe anayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ankabwera banja lero, mudzi mawa, kwa zaka zoposa makumi anayi. Kalembera wa 1921 anawapeza pafupifupi 120,000 m'dziko muno, wa 1945 pafupifupi 380,000. Ambiri anafikira m'minda ya azungu, kumene malo okhala ankalipiridwa ndi thangata. Dera limene anthu ankatulukira atamangidwa linasanduka dera lolowera anthu othawa, ndipo lero Alomwe ndiwo ochuluka m'boma la Phalombe. Zinthu zotere pa mzere zimafuna mkwasa wautali wopaka choko, woyamba mozimiririka n'kutha mozimiririka. Mkwasa wa Alomwe ndi wa thangata ukajambulidwa pansi pa kachikhatho ka linga kaja, aliyense amaona chimene chili chachitali.

Kumene mzere wayambira nakonso ndi chiweruzo, ngakhale woujambula sanena. Mizere yambiri ya mbiri ya Malawi imayamba 1859, chaka chimene Livingstone anafika kunyanja ya Chilwa ndi ya Malawi. Ngakhale buku lalikulu la John McCracken limatenga 1859 mpaka 1966. Pali chifukwa chomveka, pakuti kuyambira pamenepo zolembedwa zimachuluka, koma mwana akaona mzere woyamba ndi mzungu amatenga phunziro limene mphunzitsi sanafune kuphunzitsa. Landeg White, polemba buku lake la Magomero mu 1987, anayambanso ndi 1859, koma anasankha mudzi umodzi n'kuutsata zaka zoposa zana, kotero kuti amishoni, eni minda ndi maboma amabwera n'kupita pamene anthu a pamudzipo ali pomwepo. Wina atachita zomwezo ndi mpata wa Michesi, linga lingakhale mlendo mmodzi mwa ambiri.

Mzere wa mpatawo ungakhale ndi zaka zimene anthu a kumeneko amawerengera moyo wawo. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu 1998 Phalombe inakhala boma palokha, kuchoka ku Mulanje. Mu 2011 dziko la Malawi linapereka njira za akapolo, Fort Lister ili momwemo, pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza dera la Nkhulambe. Munthu wa ku Phalombe akamati izi zinachitika Napolo asanadutse, akugwiritsa ntchito chida chomwechi, ndipo kalendala yake ndi yolondola ngati ya Johnston.

Masamu ochepa akuonetsa kuti mbali yosalembedwayo sinatalikire monga timaganizira. Mwana amene anali ndi zaka khumi pamene linga linkamangidwa anali ndi zaka 66 pa njala ya 1949. Mdzukulu wake amene anali ndi zaka khumi pa njalayo, womvera nkhani za agogo madzulo, anakwanitsa zaka 86 mu 2025. Pakati pa asilikali a Captain Johnson ndi mwana wa Fomu 2 wa lero pali pakamwa pawiri pokha, ndipo m'midzi ya kwa Nkhulambe ndi kwa Nazombe eni pakamwa pachiwiripo ena akadali moyo.